Mmene mungapezere maphunziro a ntchito yokonza m'kati mwa nyumba

Munthu amene akufuna kuphunzira ntchito ya interior design ali ku Malawi amayamba ndi vuto limene anzake ofuna uphunzitsi kapena unamwino sakumana nalo: akatsegula mndandanda wa maphunziro a m'makoleji a boma, dzina la ntchito yakeyo saliona msanga. Chifukwa cha ichi ena amataya mtima, pomwe ena amathamangira pa intaneti n'kulipira ndalama zakunja pa maphunziro a milungu ingapo, mapeto ake n'kulandira satifiketi yokongola imene siwathandiza kujambula ngakhale kabati imodzi yoti kalipentala apale. Njira zenizeni zilipo, kuno kwathu komanso kunja, koma zambiri zimadzera m'maphunziro a mayina ena, ndipo munthu ayenera kudziwa chimene akufunafuna asanatulutse tambala.

Muyambe mwasiyanitsa ntchito ziwiri

Pali anthu amene ntchito yawo imayamba makoma ataima kale ndipo magetsi ndi mapaipi atalowa. Iwowa amasankha mtundu wa penti, nsalu ya makatani, mipando, makalapeti ndi zithunzi, ndipo amadziwa kuziyala kuti chipinda chikome. Ntchito imeneyi ndi yeniyeni, imadyetsa mabanja, ndipo munthu wa diso labwino akhoza kuiphunzira m'miyezi yowerengeka ngati ali ndi womuongolera. Koma palinso anthu amene amalowa m'nyumba kudakali fumbi la simenti, n'kumaganiza za pamene khoma logawa chipinda liime, kumene chitseko chitsekukire, pamene masoketi ndi masiwichi akhale, mmene kuwala ndi mphepo zilowere, ndiponso mmene anthu angatulukire msanga m'sitolo kapena m'malo odyera moto utabuka. Amenewa amatulutsa mapulani okhala ndi miyeso, oti kalipentala, wa magetsi ndi woika matailosi awerenge n'kugwira ntchito popanda kulota. Maphunziro awo amatenga zaka zitatu kapena zinayi.

Khitchini imaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Pamwamba pa kabati yophikirapo amapaika pa msinkhu wa mamilimita pafupifupi 900 kuchokera pansi, ndipo kuchokera kukhoma imatuluka mamilimita 600, chifukwa masitovu ndi masinki ambiri a m'masitolo anapangidwa motsatira miyeso imeneyo. Wokonza amene sadziwa zimenezi amajambula kabati yooneka bwino pa kompyuta, koma tsiku loika likafika sitovu imatsalira kunja, chitseko cha fuliji chimagunda khoma, ndipo soketi imapezeka kuseri kwa bolodi. Bolodi la pulayiwudi limabwera lotalika mamilimita 2440 ndi 1220 m'lifupi, choncho amene amadziwa ntchito amalinganiza mashelefu ake kuti bolodi limodzi litulutse zidutswa zambiri, osati theka lake lithere pansi ngati zinyalala zimene mwini nyumba walipira.

Musanayambe kufunsa za sukulu, dziyeseni nokha. Tengani tepi yoyezera, yezani chipinda chimene mumagona, makoma onse, mazenera, chitseko, msinkhu wa siling'i ndi pamene pali masoketi, kenako muchijambule papepala pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti mita imodzi ya chipinda ikhale masentimita awiri papepala. Mukatero jambulaniponso bedi, tebulo ndi wodilopu pa sikelo yomweyo. Ngati ntchito imeneyi yakukomerani, ndipo mwavutika mumtima pamene miyeso ya makoma oyang'anizana yakana kufanana, ndinu munthu wa njira yaitali ija. Ngati yakutopetsani koma maganizo anu amangothamangira ku mitundu ndi nsalu, palibe cholakwika, kungoti musataye zaka zinayi ndi ndalama zambiri pa digiri imene theka lake ndi kujambula mapulani ndi kuphunzira malamulo a zomangamanga.

Makomo amene alipo kuno kwathu

Khomo loyamba ndi maphunziro a zojambula mapulani a nyumba. Sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, yomwe inkatchedwa Polytechnic isanaime payokha mu 2021, imaphunzitsa architectural studies (kujambula mapulani a nyumba) ndi quantity surveying (kuwerengera mitengo ya zomangamanga) m'gawo lake la zomangamanga. Amene wadutsa m'maphunziro a mapulani amatuluka akudziwa sikelo, kapangidwe ka makoma ndi madenga, kayendedwe ka kuwala, ndi kuwerenga mapulani a mainjiniya, ndipo zimenezi ndi msana wa ntchito ya m'kati mwa nyumba. Chimene amatsala nacho ndi kuzama pa mipando, nsalu, magetsi ounikira ndi zomalizira, zomwe akhoza kuonjezera ndi maphunziro aafupi kapena digiri yachiwiri kunja. Kulowa m'masukulu a ukachenjede a boma kumadzera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, ndipo pamafunika makirediti osachepera 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Pa maphunziro a mapulani, masamu ndi physics zimayang'anidwa kwambiri, ndipo malo ndi ochepa. Wophunzira amene adakali ku sekondale, ngati sukulu yake ili ndi technical drawing, woodwork kapena clothing and textiles, asazipeputse, pakuti ndi maphunziro amene adzamuthandize tsiku lililonse pantchito imeneyi.

Khomo lachiwiri, limene ambiri amalinyoza molakwa, ndi makoleji a ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayendetsa maphunziro a m'makoleji monga Soche, Lilongwe, Mzuzu, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia, pamodzi ndi makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Kumeneko kuli ukalipentala, kupenta ndi kukongoletsa nyumba, kusoka, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi ndi zamapaipi, ngakhale kuti si koleji iliyonse imene ili ndi zonsezi, choncho muyenera kuwerenga bwino chilengezo cha chaka chimenecho kapena kupita kukafunsa. Ubwino wa maphunziro amenewa ndi woti wophunzira amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi nthawi ya kuntchito yeniyeni. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu amene adzagwire ntchito ku Malawi, zaka ziwiri pa benchi ya ukalipentala zimapambana satifiketi zambiri za pa intaneti. Kuno mipando ndi makabati ambiri sagulidwa zopangidwa kale, amachita kuyitanitsa kwa mmisiri, ndipo mmisiri amalemekeza wokonza amene amadziwa kuti thabwa laliwisi lidzapindika likauma, kuti paini ndi mlombwa sizilimba mofanana, ndiponso kuti bolodi la chipboard likamwa madzi pansi pa sinki limafufuma osabwereranso. Amene sanasankhidwe pa mndandanda wa TEVETA afunse za malo a ophunzira olipira okha, amene makoleji ambiri amakhala nawo.

Amene mphamvu yawo ili pa kujambula ndi mitundu akhoza kuganizira maphunziro a fine art ku University of Malawi ku Zomba, koma adziwiretu kuti adzafunika kuonjezerapo kujambula kwa miyeso ndi nzeru za zomangamanga kuchokera kwina.

Pali malire amene sukulu yabwino iliyonse iyenera kukuuzani. Dzina lakuti architect limagwiritsidwa ntchito ndi okhawo amene analembetsa ku bungwe loyang'anira akatswiri a mapulani ndi owerengera mitengo ya zomangamanga, ndipo kugumula khoma limene lanyamula denga kapena chipinda chapamwamba ndi nkhani ya injiniya, yomwenso m'mizinda imafuna chilolezo cha khonsolo. Wokonza m'kati mwa nyumba amagwira ntchito pambali pa anthu amenewa, salowa m'malo mwawo.

Kupita ku South Africa

Kwa amene akufuna digiri kapena dipuloma yolembedwa dzina lenileni la interior design, dziko loyandikira limene lili ndi masukulu ambiri ndi South Africa. Pa masukulu a boma pali University of Johannesburg, imene gawo lake la zaluso ndi mapulani lili pa kampasi ya Bunting Road, komanso Tshwane University of Technology ku Pretoria, Durban University of Technology, Cape Peninsula University of Technology ku Cape Town ndi Nelson Mandela University ku Gqeberha. Pa masukulu omwe si a boma, odziwika ndi monga Greenside Design Center ku Johannesburg, Inscape, Vega, ndiponso Design Time ndi BHC School of Design ku Cape Town. Dzikoli lilinso ndi bungwe la akatswiri a ntchito imeneyi lotchedwa African Institute of the Interior Design Professions, mwachidule IID, lomwe ndi lovomerezedwa ndi SAQA, bungwe la boma loyang'anira mapepala a maphunziro m'dzikolo.

Maphunziro a kumeneko amaikidwa pa makwerero. Higher certificate ndi ya chaka chimodzi ndipo ili pa gawo 5, dipuloma ya zaka zitatu ili pa gawo 6, ndipo digiri yoyamba ili pa gawo 7. Makwerero amenewa ndi ofunika kwa Mmalawi pa chifukwa ichi: nthawi zambiri MSCE payokha siikwanira kuti munthu alowe m'digiri mwachindunji, pakuti masukulu a kumeneko amafuna kalata yochokera ku Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa, yomwe kawirikawiri imayang'ana ma A-level kapena maphunziro ena oposa MSCE. Choncho ena amalowera pa higher certificate kapena dipuloma n'kumakwera, ndipo ena amayamba amaliza chaka kapena ziwiri pa koleji ya kuno. Lemberani ofesi ya ophunzira ochokera kunja ya sukulu imene mukufuna, muwatumizire zotsatira zanu, ndipo muwapemphe akuyankheni polemba. Satifiketi zanu zingafunikenso kupimidwa ndi SAQA, ntchito imene imatenga milungu ingapo, ndiye musaiyambe mochedwa. Chaka cha maphunziro chimayamba mu February, koma kulembetsa kumatsekedwa miyezi yambiri m'mbuyo, m'chaka chapitacho, ndipo maphunziro a zaluso amene amafuna kuona ntchito za wopempha malo amatseka msanga kuposa ena.

Pa nkhani ya fizi, pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati ophunzira a m'mayiko a m'chigawochi azitengedwa ngati eni dziko pa fizi, ndipo masukulu a boma a ku South Africa amatsatira zimenezi, ngakhale amaonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Masukulu omwe si a boma ali ndi mitengo yawoyawo. Pamwamba pa fizi muwerengere visa ya wophunzira, inshulansi ya zachipatala yolembetsedwa m'dzikomo imene visa imafuna, malo ogona, ndi zipangizo. Zipangizo zimenezi makolo ambiri amaziiwala, chonsecho wophunzira wa ntchito imeneyi amagula makatoni opangira tinyumba tachitsanzo, guluu, mapensulo ndi mapepala aakulu, ndipo amasindikiza mapulani pafupifupi mlungu uliwonse.

Amalawi amene ali kale ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, makamaka amene akugwira ntchito zopala matabwa, kukuta mipando, kusoka makatani ndi kuika matailosi, ali pabwino kuposa mmene amaganizira, chifukwa luso la manja ali nalo kale, ndipo masukulu ena ali ndi makalasi a madzulo, a Loweruka kapena ophunzirira kunyumba. Chofunika ndi kufunsa ngati zikalata zimene ali nazo zimawalola kulembetsa. Chenjezo lalikulu ku South Africa ndi makoleji achinyengo: dipatimenti ya maphunziro apamwamba imasindikiza kaundula wa masukulu ovomerezeka, ndipo maphunziro alionse enieni amakhala ndi nambala yake ya SAQA. Sukulu ikakhala kuti ili m'kaundula sizitanthauza kuti zonse zimene imaphunzitsa ndi zovomerezeka, choncho fufuzani dzina la sukulu ndi dzina la maphunziro padera.

Maphunziro a pa intaneti

Kuno ndi kumene kuli zabwino kwambiri ndi zachabe kwambiri, zitasakanikirana. Ku Britain kuli masukulu akale a ntchito imeneyi, monga Inchbald School of Design ku London, yomwe inayamba mu 1960, ndi KLC School of Design, ndipo onse awiri ali ndi maphunziro a pa intaneti. National Design Academy ya ku Nottingham imaphunzitsa kuchokera pa dipuloma mpaka digiri munthu ali kwawo. M'dzikomo maphunziro ovomerezeka a pansi pa digiri amapezeka m'kaundula wa bungwe la boma loyang'anira mayeso ndi satifiketi la Ofqual, pomwe digiri iyenera kuchokera ku yunivesite imene ili ndi mphamvu yopereka madigiri. Mukaona sukulu ikungodzitama kuti ndi "accredited" popanda kutchula amene anaivomereza, kapena ikutchula bungwe limene ntchito yake ndi kugulitsa zidindo, dziwani kuti pepala lake silingakulowetseni m'sukulu ina. Ku Britain aliyense akhoza kudzitcha interior designer, palibe lamulo loletsa, n'chifukwa chake bungwe la British Institute of Interior Design limawerengera zaka za kusukulu pamodzi ndi zaka za pantchito lisanalembetse munthu. Ku United States ndi Canada amayang'ana ngati maphunziro ndi ovomerezedwa ndi bungwe la CIDA, lopima maphunziro a ntchito imeneyi, ndipo akatswiri amalemba mayeso a NCIDQ. Zimenezi zikukhudza okhawo amene akulinga kukagwira ntchito kumeneko.

Maphunziro aafupi a pa Coursera, Udemy, Domestika, Alison ndi YouTube ali ndi malo ake. Ndi abwino pophunzira chinthu chimodzi, monga kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira nyumba ya SketchUp, kujambula chipinda ndi dzanja kapena kumvetsa magetsi ounikira, ndipo ndi njira yotchipa yodziwira ngati ntchitoyi mukuikondadi. Satifiketi zake musaziwerengere ngati dipuloma. Muzikumbukiranso kuti zambiri zimene amaphunzitsa zinakonzedwera nyumba za kumayiko ozizira, kumene nkhawa ndi kusunga kutentha, pomwe ku Nsanje, Salima kapena Karonga nkhawa ndi kuchotsa kutentha pansi pa malata, kutchinga udzudzu popanda kutseka mphepo, kuteteza matabwa ku chiswe, ndi kuonetsetsa kuti chipinda chikuwala masana magetsi akathima. Za chinyontho chokwera m'makoma nthawi ya dzinja, chimene chimakungunula penti m'munsi mwa khoma, simudzazimva kwa mphunzitsi wa pa kanema. Mudzazimva kwa wopenta wa ku Ndirande kapena ku Kawale.

Fizi yolipira m'mapaundi, madola kapena marandi ili ndi msampha wake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene ankalipira pang'onopang'ono anaona ngongole yawo ikukula maphunziro ali m'kati. Kupeza ndalama zakunja kubanki nakonso kumavuta. Musanasaine, funsani ngati mungalipire gawo limodzi n'kulandira pepala la gawolo, ngati mungaime kaye kwa miyezi ingapo popanda chilango, ndi chimene chimachitika ndi ndalama zanu mukasiyira panjira.

Kupima maphunziro musanalipire

Kaya sukulu ili ku Lilongwe, ku Pretoria kapena pa intaneti, pemphani mndandanda wa maphunziro onse a chaka chilichonse, osati kapepala kotsatsira malonda. M'menemo muyang'ane ngati muli kuyeza nyumba yeniyeni, kujambula mapulani ndi dzanja komanso pa kompyuta, nzeru za zipangizo ndi kamangidwe, magetsi ounikira, malamulo a moto ndi a kayendedwe ka anthu aulumali, kuwerengera mitengo, ndi kalembedwe ka mgwirizano ndi kasitomala. Maphunziro amene angodzaza mbiri ya masitayilo ndi kusanja zithunzi zodula pa intaneti ndi a ntchito yoyamba ija, ndipo mtengo wake uyenera kufanana ndi zimenezo.

Funso limene ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi lakuti, kodi ndani adzaone ntchito yanu n'kukuuzani kuti apa mwalakwitsa? Ntchito imeneyi siphunziridwa poyankha mafunso osankha yankho. Imaphunziridwa pamene wapachika pulani yako pakhoma, mphunzitsi n'kuloza ndi pensulo kuti pakati pa tebulo ndi khoma sipangadutse munthu wonyamula mbale, kapena kuti njira yotsetsereka imene waikira njinga ya munthu waulumali yapitirira muyeso wa 1:12 ndipo sangaikwere yekha, iwe n'kubwerera kukajambulanso. Ngati sukulu ilibe mphunzitsi amene amaona ndi kudzudzula ntchito ya wophunzira aliyense, mukungogula mavidiyo. Funsani aphunzitsiwo anagwirapo ntchito ziti, pemphani kuona ntchito za ophunzira a chaka chomaliza, ndipo ngati n'kotheka lankhulani ndi amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo, osati amene sukulu yakusankhirani. Sukulu ikakhala yoti mungafikeko, pitani tsiku la makalasi mukaone ngati makompyuta ali ndi mapulogalamu ake, ndi ngati muwekishopu muli fumbi la matabwa kapena mwangokhala motseka.

Za kuvomerezeka, kuno kwathu NCHE imasindikiza mayina a masukulu apamwamba olembetsedwa ndi maphunziro ovomerezeka, TEVETA imalembetsa malo ophunzitsira ntchito zamanja, ndipo NCHE yomweyo ndi imene imapima mapepala ochokera kunja. Ngati mukulinga kudzagwira ntchito m'boma kapena kudzapitiriza maphunziro, funsani kumeneko musanalipire, osati mutabwera kale ndi pepala. Ngongole za bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, lomwe linayamba mu 2015, zimapita kwa ophunzira a m'masukulu ovomerezeka a m'dziko muno. Thandizo la maphunziro akunja, monga Chevening ya ku Britain, nthawi zambiri ndi la digiri yachiwiri ndipo limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito, pomwe mayiko monga India ndi China amalengeza malo a digiri yoyamba kudzera m'maofesi a akazembe awo ndi unduna wa zamaphunziro.

Kompyuta ndi mapulogalamu

Maofesi a mapulani amagwiritsa ntchito kwambiri AutoCAD, Revit, ArchiCAD ndi SketchUp. Kampani ya Autodesk imapereka AutoCAD ndi Revit kwaulere kwa chaka chimodzi, chotheka kuonjezera, kwa wophunzira amene wasonyeza umboni woti ali pasukulu yovomerezeka. Amene sanalowe sukulu akhoza kuyamba ndi SketchUp yaulere ya pa intaneti, ngakhale imadya bandulo, kapena Sweet Home 3D ndi Blender, zimene ndi zaulere ndipo zimagwira popanda intaneti mukaziika. Pogula laputopu muyang'ane RAM, pakuti Revit ndi mapulogalamu otulutsa zithunzi zooneka ngati zenizeni amafuna 16 GB kuti ayende bwino, ndipo muyang'anenso batire. Koma musathamangire zithunzi zonyezimira musanadziwe pulani. Masiku ano kompyuta imatulutsa chithunzi cha chipinda chokongola m'kanthawi kochepa, ndipo kasitomala aliyense akhoza kudzipangira pafoni; chimene sangadzipangire ndi pepala louza kalipentala kuti thabwa ili lidulidwe mamilimita angati.

Kusonkhanitsa ntchito zoonetsa

Masukulu ambiri a zaluso amafuna portfolio, kutanthauza ntchito zanu zosonkhanitsidwa pamodzi zoti muonetse, polowa, ndipo olemba ntchito ndi makasitomala amaifuna potuluka. Imeneyi muyambe kuikonza lero, musanalowe kulikonse. Polowera sukulu safuna ntchito za katswiri, amafuna kuona ngati mumapenya bwino: mpando wojambulidwa ndi pensulo kuchokera mbali zitatu, ngodya ya msika, khonde la kwanu dzuwa likupendeka, chinthu chimene munapanga ndi manja monga shelefu, nyale kapena diresi, pamodzi ndi zojambula zosonyeza mmene munaganizira musanapange. Werengani malangizo a sukulu iliyonse, chifukwa ena amapereka ntchito yawoyawo yoti muchite.

Kwa amene akuphunzira yekha, ntchito imodzi yathunthu imaposa zithunzi zambiri zobalalika. Pemphani wachibale amene ali ndi saluni, golosale kapena malo odyera kuti mukonze malo ake. Jambulani zithunzi musanakhudze kanthu, yezani, jambulani pulani ya mmene palili ndi ya mmene mukufunira, onetsani khoma lililonse pa sikelo ya 1:20, matani papepala tizidutswa tenitweni ta nsalu, matailosi ndi mitundu ya penti zimene zimapezeka ku Limbe, ku Malangalanga kapena mu Mzuzu, ndipo lembani mitengo. Powerengera matailosi muonjezere pafupifupi 10 peresenti ya odulidwa ndi osweka, ndipo pa penti muwerenge pachitini kuti lita imodzi imakwana malo aakulu bwanji, n'kukumbukira kuti khoma la pulasitala watsopano limamwa kwambiri. Ntchito ikatha jambulaninso, mwini malo atavomera. Musaope kugwiritsa ntchito za kwathu, monga mipando yoluka ija imene kunja amaigulitsa ndi dzina la dziko lathu, mphasa, nsalu za zitenje, matailosi a ku Dedza Pottery kapena zosema za ku Mua, pakuti wopima ntchito ku Cape Town kapena ku London waona kale zipinda zambirimbiri zotengera magazini, ndipo chimene chingamuimitse ndi munthu wodziwa zipangizo za kwawo. Mkungudza wa ku Mulanje wokha muusiye, chifukwa ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutha.

Kuphunzira pantchito

Njira iliyonse imene mungasankhe iyenera kukufikitsani pamalo pamene anthu akumanga. Lemberani maofesi a akatswiri a mapulani, makampani opanga makhitchini ndi mipando ya m'maofesi, masitolo a matailosi ndi penti, okonza malo a maukwati, ndi makontirakitala amene akumaliza mahotela kapena mabanki. Kalata ikhale yaifupi, inene chimene mumatha kale, monga kuyeza ndi kujambula pa SketchUp, masiku amene mungapezeke, ndipo muikemo masamba awiri kapena atatu a ntchito zanu. Kukapereka nokha kumathandiza kuposa kutumiza uthenga pa WhatsApp. Atsikana, amene ndi ambiri mwa ofuna ntchito imeneyi, asalole kutsekeredwa muofesi kusankha nsalu pomwe anyamata akupita kukayeza. Apemphe kupita nawo, agule nsapato zolimba, ndipo aphunzire kulankhula ndi fomani.

Mukalandiridwa, gwirizanani poyambirira za nthawi imene mukhale, za ndalama ya thiransipoti ngati ilipo, ndi ngati mudzaloledwe kuika zithunzi za ntchitozo mu portfolio yanu. Sungani kope lolembamo tsiku, malo, chimene mwachita ndi amene anakuyang'anirani, ndipo womuyang'anirayo azisainamo mwezi uliwonse. Pochoka pemphani kalata yotchula ntchito zenizeni zimene munagwira. Kope ndi kalata zimenezi zidzafunika ngati mudzapemphe TEVETA kuti ipime luso limene munaliphunzira pantchito n'kukupatsani satifiketi, kudzera mu ndondomeko yake ya Recognition of Prior Learning, ndipo masukulu ambiri a ku South Africa ndi Britain amalandiranso umboni wotere kwa anthu akuluakulu amene alibe mapepala onse olowera.